Mwana wanga ankafa ndi njala m'nyumba yodzaza ndi chakudya

Ndikulemba izi mwana wanga atandilola, bola ndisatchule dzina lake ndi sukulu yake. Ndikulembera makamaka azimayi anzanga amene tili kuno ku UK pa ntchito za care, komanso inu akumudzi, chifukwa matenda awa a anorexia, odzimana chakudya poopa kunenepa, ine ndinkawatenga ngati a azungu ndipo maganizo amenewo anatitayitsa miyezi 8 yathunthu mwana akutha tikumuona.

Ndinabwera ku England mu 2022 pa viza ya care worker, bambo ake ndi ana awiri ananditsatira kumayambiriro kwa 2023, nthawi imeneyo ankalolabe kubweretsa banja. Mtsikanayu anali ndi zaka 13, wodya bwino, wokonda chipisi cha pachiwaya ndi zigege ngati mwana wina aliyense wa ku Chilomoni. Pa phwando la a Malawi la 6 July chaka chomwecho mayi wina anamugwira tsaya nkuti "eee koma wanenepa, Mangalande akuyanjatu iwe," tonse tinaseka, ine ndinanyadira kumene poti kwathu kumeneko ndi kuyamikira. Iye sanaseke. Ndimakumbukira nkhope yake mpaka lero.

Zinayamba pang'onopang'ono cha mu September. Mtanda wa nsima unasanduka theka, kenako akuti nsima ndi ma carbs, kenako "Mami ndadya kale kusukulu." Ine shifiti ya maola 12, ndikuchoka kusanache kubwera usiku, bambo ake ku warehouse, palibe amene ankakhala naye pa tebulo. Chimene chimandipweteka kwambiri ndi chakuti kuntchito ndimalemba supuni iliyonse imene agogo a dementia adya ndi kapu iliyonse ya madzi pa food chart, koma wanga yemwe kunyumba sindinamuwerengere olo tsiku limodzi. Anayamba kuvala mahudi akuluakulu, kulemba homuweki ataimirira, kukwera ndi kutsika masitepe popanda chifukwa, kumva kuzizira hita ili yoyatsa. Chinandipusitsa china ndi choti ankakonda kuphika kuposa kale, mandasi, zitumbuwa, makeke, kumupatsa mlongo wake wamng'ono nkumamuyang'anitsitsa akudya, iye osalawa. Ndinkati mwana wakula, wayamba kuthandiza.

Ndinene zimene ndinalakwitsa osabisa. Nditazindikira kuti mapadi sakutha m'bafa, kuti wasiya kupita kumwezi, maganizo anga oyamba anali mimba. Ndinagula zoyezera, ndinamutsekera kuchipinda nkumufunsa mafunso amene sindingawalembe pano. Analira mosatulutsa mawu, ndipo kuyambira tsiku limenelo anasiyiratu kundiuza chilichonse. Zitapezeka kuti si mimba ndinaganiza za kachilombo, mukudziwa kwathu munthu akamaonda timathamangira kumeneko, kenako TB, kenako njoka za m'mimba. Achemwali anga anatumiza mankhwala a apetaiti kudzera kwa munthu amene ankabwera. Apongozi pa WhatsApp ankati pali dzanja la munthu, anthu sanakondwe kuti mwapita kunja. Ndipo mu January 2024 kutchalitchi kutalengezedwa masiku 21 osala kudya, mwana wanga anali woyamba kunena kuti asala nawo, ine ndinamuyamikira pamaso pa anthu kuti onani mwana wokonda Mulungu. Pemphero sindinalisiye ndipo sindidzalisiya, koma mwana amene akuonda musamulole kusala kudya, chonde, kaya wanena ndani.

Mu February ndinapita naye kwa GP, dokotala amene kuno umayambira kuonana naye. Ndinangoti mwana akuonda komanso satha kudya, iye anayankha mwaulemu kuti ali bwinobwino akungodya za healthy, anamuyeza sikelo, anatenga magazi, anati tibwerenso pakatha miyezi ingapo. Ndikanadziwa ndikanalemba papepala zonse zimene ndinkaona, zoti kumwezi kunasiya liti, zovala zimene zinkamukwana miyezi 6 yapitayo, zakudya zimene wasiya, masitepe aja, ndipo ndikanatchula mawu enieniwo akuti ndikuopa kuti ndi eating disorder, matenda a kadyedwe, ndikufuna referral, kutumizidwa kwa akatswiri. Ndinamva mochedwa kuti malangizo a 2017 a NICE, bungwe lolemba malangizo a zachipatala ku England, amanena kuti asamangodalira BMI yokha, muyeso wa kulemera poyerekeza ndi kutalika, posankha woti athandizidwe, komanso kuti ku England mwana wosakwana zaka 19 amayenera kuyamba kulandira thandizo pasanathe sabata imodzi ngati zili zoopsa, kapena masabata 4 ngati sizinafike poopsa. Madera ambiri kholo limatha kuimba lokha ku timu ya ana ya eating disorders osadzera kwa GP. Palinso bungwe la Beat limene lili ndi nambala yothandiza makolo. Zonsezi zinalipo, ine sindinkadziwa.

Mu April anakomoka kusukulu. Foni inandipeza ndikusintha bedi la agogo ena, ndinathamanga ndi yunifomu mpaka ku A&E, kuchipatala kolandirira odwala mwadzidzidzi. Mtima wake unkagunda ka 44 pa mphindi. Nesi atamuvula hudi ija kuti amuike mawaya a ECG oyezera mtima ndi pamene ndinaona thupi la mwana wanga koyamba patatha miyezi, nthiti zonse zikuwerengeka, mafupa a msana ngati mikanda, tiubweya tofewa tatuluka pamsana ndi m'mikono, zala zili bii ndi kuzizira. Miyendo inandithera mphamvu. Adokotala anatchula dzina lake, anorexia nervosa.

Anagonekedwa masiku 12. Apa pali chinthu chimene ndikufuna aliyense amve. Ine ndinkafuna kumubweretsera poto yonse ya nsima ndi nkhuku kuti adye abwerere msanga, anandiletsa. Thupi limene lakhala ndi njala nthawi yaitali ukalipatsa chakudya chambiri mwadzidzidzi, mchere wina wa m'magazi wotchedwa phosphate umatsika kwambiri ndipo mtima ukhoza kuima, amati refeeding syndrome. Nchifukwa chake ankamutenga magazi tsiku ndi tsiku nkumawonjezera chakudya mwa ndondomeko. Ngati mwana wafika pokomoka, kuchita chizungulire akaimirira, kapena akudya pang'ono zedi kwa masiku angapo, yambani kuchipatala, musayambe ndi poto.

Atatuluka ndi pamene tinakumana ndi clinical psychologist wa timu ya ana. Kwa amene simudziwa, ameneyu sapereka mapilisi, ntchito yake ndi yothandiza kudzera mu kukambirana ndi kusintha kachitidwe ka zinthu, ndipo ankagwira limodzi ndi nesi, dietitian (katswiri wa zakudya) ndi dokotala wa ana. Ine ndinkayembekezera kuti amutengera mwana m'chipinda payekha nkumufufuza kuti wamulakwira ndani, mwina nkutulukira kuti ndi ine. M'malo mwake anatiitana tonse anayi, ndi kamnyamata ka zaka 9 komwe. Anayamba ndi kumuyeza sikelo, analemba pa graph, kenako anatiyang'ana ife makolo mosamwetulira nkutiuza kuti matenda awa ali m'gulu la matenda a maganizo amene amapha kwambiri, ndipo mwana wathu pakadali pano sangathe kudzidyetsa yekha, ndiye ntchito yomudyetsa yabwerera m'manja mwathu ngati mmene zinalili ali khanda.

Ndinafunsa ndikulira kuti walakwitsa ndani. Anati palibe chinthu chimodzi chimene chimayambitsa, pamakhala za chibadwa, mtima wofuna kuchita chilichonse mosalakwitsa, kutha msinkhu, kusamuka dziko, mawu a anthu, zonse zimakumana, koma makolo si amene amayambitsa ndipo nthawi yofufuza zimenezo idzakwana mwana akadya. Bambo ake potuluka anandiuza kuti, "Mayi, ndamva zimene akunena, nyumba ikamapsa timayamba tathira madzi, za amene wayatsa timafunsa moto utazima." Njira ya banja lonseyi inayambira pa chipatala cha Maudsley ku London, ndipo kuno ndi imene amayamba nayo kwa ana ndi achinyamata a anorexia, nthawi zambiri amakumana nanu ka 18 mpaka 20 pa chaka chimodzi.

Tsiku lomwelo mayi psychologist uja anajambula mizere iwiri yozungulira papepala, wina ndi mwana wathu, wina ndi matenda, wa matenda utaphimba pafupifupi wonse wa mwana. Anati mukamva mawu achipongwe pa tebulo, dzifunseni kuti akuyankhula ndi uti mwa awiriwa. Bambo ake poyamba ankati ndi mwano basi, mwana wa ku Malawi sangakane nsima, timubweze kumudzi akaone anzake akugona ndi njala. Mayi uja sanakangane nawo. Anatifotokozera za kafukufuku wa ku Minnesota ku America wa mu 1944 ndi 1945, pamene Ancel Keys anatenga amuna 36 athanzi, amaganizo abwinobwino, nkuwachepetsera chakudya kwa miyezi 6 mpaka anataya pafupifupi kota ya kulemera kwawo. Amuna aja anayamba kumangoganiza za chakudya, kusonkhanitsa mabuku a kaphikidwe, kuduladula chakudya tizidutswa nkumadya kwa maola, kukwiya msanga, kudzipatula. Bambo ake anakhala chete nthawi yaitali kenako anati, "Ndiye mandasi aja." Kuyambira pamenepo sanatchulenso za mwano. Ubongo wanjala suganiza bwino, ndipo sungaukonze ndi ulaliki, umafuna chakudya kaye.

Ulendo wachiwiri anatiuza kuti tibweretse chakudya chimene ife tikuona kuti mwana wodwala chonchi akuyenera kudya, tidyere pamaso pake. Ndinaphika nsima, nkhuku ndi masamba otendera ndi chiponde, ndinanyamula mu food warmer. Tinayala pa tebulo la mu ofesi. Mwana anatenga kanthongo kakang'ono ngati ndalama ya 20 tambala, nkumakapotokola m'zala, kukaviika, kukabweza m'mbale. Ine ndinayamba kuchonderera, "idya mwananga, ndagwira ntchito usiku wonse, undimvere chisoni." Bambo ake anayamba kufotokoza za njala ya 2002 ndi mmene anthu ankadyera gaga. Mwana anayamba kutsutsa za mafuta a mu nkhuku, ife nkumayankha, mphindi 40 zinatha tikukambirana za mafuta osadya kanthu. Mayi uja anadzuka nkudzaima kumbuyo kwathu, anatisuntha kuti wina akhale kumanja wina kumanzere kwa mwana, ndipo chapansipansi anati tisiye kufotokoza, matenda amakonda mtsutso chifukwa nthawi ya mtsutso palibe chimene chikulowa mkamwa. Anatipatsa mawu ochepa oti tizibwereza tonse mofanana. Ife tinawatembenuzira m'Chichewa: "Tikudziwa kuti zikuvuta. Tili pompano. Tenga nthongo ina." Tinabwereza mwina ka 30. Analira, ananditchula mawu oipa, ananena kuti amadana nane, kenako anameza nthongo imodzi yoposa pamene iye anafuna kulekera. Imodzi yokha. Mayi uja anati ndi imeneyo imene timafuna lero, mwaona kuti mungathe.

Kunyumba ndiye kunali nkhondo yeniyeni. Kudya ka 6 pa tsiku, zakudya zitatu zikuluzikulu ndi tina katatu pakati, ife ndi amene tikusankha ndi kupakula, iye osalowa kukhitchini, osawerenga zolemba pa mapaketi. Dietitian ankadziwa za pasta ndi mbatata, za nsima sankazidziwa, koma psychologist uja anandiuza kuti inu mwalera mwanayu zaka 14, mukudziwa mbale imene imabweza thupi la mwana wodwala, tidzaona pa sikelo ngati ikukwana. Mawu amenewo anandibwezera mphamvu imene inali itandithera. Phala la m'mawa ndinkathira chiponde, batala ndi mkaka wa chitsekero cha buluu uja wa mafuta onse. Masiku oyamba chakudya chimodzi chinkatenga maola awiri. Mbale zinasweka zitatu. Tinapeza nyama m'masokosi, buledi m'thumba la hudi, batala wopakidwa pansi pa tebulo. Akamaliza kudya tinkakhala naye ola lathunthu osapita kutoileti yekha, chifukwa nthawi imeneyo ndi imene mantha amakwera ndipo ena amakasanza kapena kukachita majowajowa mobisa. Bambo ake anatulutsa bawo limene anabwera nalo kuchokera kumudzi, ankasewera naye ola limenelo tsiku lililonse, poyamba iye akungoponya nkhomo misozi ili mbwembwembwe. Ndivomereze kuti pa tebulo bambo ake ankatha kuposa ine, amatha kukhala chete nthawi yaitali osapsa mtima, ine ndinkathawira kubafa kukalira nkubwerera.

Za ndalama ndinene zoona. Chithandizo cha NHS sitinalipire kanthu, koma matendawa anatidyera ndalama kwina. Ndinasiya ovataimu yonse nkusinthira ku mashifiti a usiku kuti masana ndizikhalapo, ndinkagona maola atatu kapena anayi. Atabwerera kusukulu, mmodzi wa ife ankapita pa lanchi kukadya naye m'galimoto pa car park tsiku lililonse. Viza yathu ndi ija yolembedwa no recourse to public funds, kutanthauza kuti sitingalandire ndalama zothandizira za boma, ndiye ma benefit amene makolo ena ankatchula ife sanatikhudze. Nyumba imene tinkamanga ku Lunzu inaima pa lintala chaka chathunthu, ndalama yotumiza kwa amayi inachepa ndi theka, ndinatenga chipereganyu changa msanga nkuthera pa chakudya ndi mafuta a galimoto. Uzani a manejala anu msanga ndipo pemphani kalata ya kuchipatala, ine ndinabisa milungu itatu chifukwa cha manyazi nkumangoti mwana ali ndi vuto la m'mimba, zinangondivutitsa ndekha. Ndipo musaiwale mwana winayo. Kamnyamata kathu kanayamba kukodza pabedi, tinachita kuuzidwa ndi psychologist yemweyo kuti iye si wapolisi wa chakudya, ntchito yake ndi kukhala mlongo basi, aziwonera limodzi makatuni.

Cha pa sabata ya 10 tinamva kuseka kuchokera pa bawo paja, kuseka kwake kwenikweni kuja kokhala ngati akutsamwa. Ine ndinali kukhitchini ndikutsuka mbale, ndinangoima madzi akutayika.

Kenako tinalakwitsanso. Sikelo itayamba kukwera bwino tinalowa gawo lachiwiri, lomubwezera pang'onopang'ono udindo wodzipakulira, ndipo ife chifukwa chotopa tinathamanga, tinasiya lanchi ya m'galimoto nthawi imodzi, ine ndinatenganso ovataimu. Mu October sikelo ya kuchipatala inkaonetsa bwino koma mwana anayambanso kuzizidwa ndi kukwiya. Mlongo wake ndi amene anandinong'oneza kuti amamwa mabotolo awiri a madzi tisananyamuke kupita kokayezedwa. Ndinapsa mtima koopsa, ndinkaona ngati miyezi yonse ija yapita m'madzi. Psychologist sanamukalipire mwana ndipo sanatikalipire ife, anangoti matenda apeza khomo lina, titseke, ndipo kubwerera m'mbuyo kotere kumachitika kawirikawiri. Tinabwerera ku gawo loyamba masabata 6. Ulendo wachiwiri tinamasula chakudya chimodzi chimodzi, kuyamba ndi ka snack ka masana, kudikira milungu iwiri, kenako china. Kumwezi kunabwerera mu February 2025.

Zimene ndinkafuna tsiku loyamba zija, zoti mwana ayankhule za mumtima, zinabwera kumapeto. Apa mayi uja ankamuona payekha nthawi zina kenako nkutiitana. Ndi pamene ndinamva kuti kusukulu ankamuseka kayankhulidwe, kuti miyezi yoyamba ankadyera lanchi kutoileti poti analibe wokhala naye, kuti ankasowa agogo ake amene anamulera ine ndili kuno, kuti pobwera kunyumba ankapeza m'nyumba muli zii aliyense ali ku shifiti, ndipo kusadya chinali chinthu chokhacho chimene ankaona kuti akuchikwanitsa. Ananenanso za tsiku la zoyezera mimba lija. Ndinamupepesa pamaso pa bambo ake, kwathu kholo silipepesa mwana koma ine ndinapepesa. Ndikanamufunsa zonsezi mu May uja sakanatha kuyankha, mutu wake unali wodzaza ndi manambala a ma calorie okhaokha. Anatitulutsa mu June 2025 titakumana ka 22, atatilembera pepala la zizindikiro zoti tikaziona tiimbe foni osadikira.

Kwa inu amene muli ku Malawi, musaganize kuti izi ndi za kunja kokha, ndipo si atsikana okha, anyamata nawonso amadwala. Ena saonda nkomwe, amadya kwambiri nkukasanza mobisa, imeneyo ndi bulimia, ndipo kwa akuluakulu njira imene amagwiritsa ntchito kwambiri ndi CBT, yokambirana pofuna kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe ka wodwalayo, osati ya banja ngati yathuyi. Mwana akamaonda mwayezetsa zonse sizikupezeka, khalani naye pa mphasa muone mmene akudyera, kenako funsani za madokotala a maganizo, ku Queens ku Blantyre aliko, ku Zomba Mental, ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kupita kumeneko sikutanthauza kuti mwana wapenga.

Panopa ali ndi zaka 16. Amadya nafe, amadzipakulira, koma masiku a mayeso ndimaona dzanja likuchepetsa mtanda ndipo ndimangoti "onjezera mwananga," amaonjezera, nthawi zina akung'ung'udza. M'nyumba mwathu mulibe sikelo, ndipo January akafika timapemphera koma mapoto amakhala pamoto. Amayi anga ndinachita kuwakonzekeretsa pa foni milungu ingapo kuti akamuona pa video call asanene za thupi, olo zoyamikira. Tsikulo litafika anamuyang'ana nthawi yaitali, ndinaona pakamwa pawo pakufuna kutuluka "wanenepa" uja, ndinagwira mpando. Anameza, kenako anati, "Iwe mdzukulu wanga, maso ako aja abwerera. Tandiuza, bawo ukuwadya bambo ako masiku ano?" Mwana anaseka nkuyamba kuwafotokozera mmene anawagonjetsera katatu Lamlungu.